Kukonzekera Ulendo wa ku Tiradentes, Katawuni ka M'mapiri a Minas Gerais ku Brazil

Dziko la Brazil linagawidwa m'maboma ang'onoang'ono oposa 5,500, ndipo chigawo cha Minas Gerais chokha chili ndi maboma otere 853. Ambiri mwa iwo ndi timatawuni ta kumudzi, tozunguliridwa ndi minda ya khofi, madambo odyetsera ng'ombe za mkaka ndi mapiri, komwe anthu amakumana ku tchalitchi, pabwalo la pakati pa tawuni ndi pamalo ogulitsira buledi. Munthu amene wangoona São Paulo ndi magombe a ku Rio de Janeiro amabwerera kwawo asanaone mmene anthu wamba a dzikolo amakhalira. Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kukafika ku katawuni kamodzi kotere, ndipo ndasankha Tiradentes, komwe kumakhala anthu osafika 8,000, chifukwa n'kofikika ngakhale kwa amene akupita ku Brazil koyamba, komanso kuli pafupi ndi midzi yeniyeni yomwe mungayendere masana n'kubwerako dzuwa lisanalowe.

Chachikulu choti mugwire n'chakuti zinthu zonse zofuna ofesi, banki kapena sitolo yaikulu muyenera kuzimaliza musananyamuke kapena mukadali mumzinda waukulu, kuti mukafika kukatawuniko nthawi yanu ikhale ya kuyenda pang'onopang'ono ndi kucheza ndi anthu.

Zikalata ndi katemera

Mzika ya Malawi imafunika viza kuti ilowe ku Brazil, ndipo pempho lake limaperekedwa ku ofesi ya kazembe wa Brazil ku Lilongwe. Dzikolo lilinso ndi akazembe ku Lusaka, ku Harare ndi ku Maputo. Amene ali ndi pasipoti ya South Africa kapena ya Britain safunika viza akamapita kukacheza kwa masiku osapitirira 90, koma amene akungokhala m'mayiko amenewa ali ndi pasipoti ya kwawo amatsatira malamulo a pasipoti imene ali nayo. Yambani ntchitoyi kukadali miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mufunse ku ofesiyo mndandanda wa zimene akufuna panthawiyo. Kawirikawiri amafuna fomu yolembedwa pa intaneti, chithunzi, umboni wa tikiti yopita ndi yobwerera, umboni wa komwe mukagone ndi sitetimenti ya kubanki yosonyeza kuti mudzadzisamalira nokha.

Katemera wa yellow fever musamutenge mopepuka. Matendawa anavuta kwambiri ku Minas Gerais m'zaka za 2017 ndi 2018, makamaka kumadera a kumidzi oyandikana ndi nkhalango, ndipo katemerayu amayamba kuteteza pakapita masiku 10 chibayidwireni. Kakhadi kachikasu kosonyeza kuti munabayitsa kakhale pamodzi ndi pasipoti ulendo wonse. Malungo ku Brazil amapezeka makamaka kudera la Amazon, kutali ndi kumene mukupita, koma dengue ilipo ndipo mu 2024 inagwira anthu ochuluka zedi, Minas Gerais ili m'gulu la zigawo zimene zinakhudzidwa kwambiri. Udzudzu umene umafalitsa dengue umaluma masana, choncho neti ya usiku yokha siyokwanira, ndipo mafuta odzola othamangitsa udzudzu ndi ofunika, makamaka m'nyengo ya mvula.

Nthawi yoyenera kupita

Nyengo za kumeneko zimayenda mofanana ndi za kum'mwera kwa Africa: mvula imagwa kuyambira Okutobala mpaka Malichi, ndipo Juni ndi Julayi kumazizira. Tiradentes ili pamtunda wa mamita pafupifupi 900, motero usiku wa m'nyengo yozizira umafuna juzi yokhuthala, pomwe nyumba zambiri zakale zilibe chotenthetsera. Miyezi ya Epulo mpaka Sepitembala ndiyo yabwino kwa wofuna kuyenda pansi ndi kukwera phiri, popeza misewu yafumbi ya kumidzi imakhala yowuma.

Kuposa mwezi, chimene chimasintha kwambiri nkhope ya katawuniko ndi tsiku la sabata. Loweruka ndi Lamlungu kumadzaza alendo ochokera ku Belo Horizonte, Rio de Janeiro ndi São Paulo, mitengo ya malo ogona imakwera, ndipo misewu yopapatiza imadzaza magalimoto. Lolemba ndi Lachiwiri malo ambiri odyera ndi ena osungirako zinthu zakale amatseka kuti antchito apume. Ine ndingalangize kufika Lachiwiri kapena Lachitatu n'kukhala mpaka Loweruka kapena Lamlungu, chifukwa mukatero mudzaona katawuniko kali phee, ana akupita kusukulu ndi okalamba akucheza pamabenchi, kenako mudzaonanso mmene kamasinthira alendo akafika. Mu Januwale kumachitika chionetsero cha mafilimu chimene chinayamba mu 1998, ndipo cha mu Ogasiti kumakhala chikondwerero cha zakudya. Masiku amenewa, pamodzi ndi Sabata Yoyera ya Pasaka ndi chikondwerero cha magule cha Carnaval, malo ogona amatha msanga.

Kayendedwe

Kuchokera kuno, njira zodziwika ndi ziwiri, kudzera ku Addis Ababa kapena ku Johannesburg, ndipo zonse zimakafikira pabwalo la ndege la Guarulhos ku São Paulo. Amene akudzera ku South Africa afufuziretu ngati pasipoti yawo ikufuna chilolezo chodutsira. Nthawi ya kumeneko ili m'mbuyo ndi maola 5 poyerekeza ndi ya ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, ndipo ndi bwino kuwadziwitsiratu a kunyumba kuti asadere nkhawa mukachedwa kuyankha.

Ku Tiradentes kulibe bwalo la ndege, ndipo mabasi ambiri a mtunda wautali amafikira ku São João del-Rei, mzinda wokulirapo umene uli pamtunda wa makilomita osafika 15. Mungathe kukwera basi kuchokera kudepoti ya Tietê ku São Paulo, ulendo wotenga pafupifupi usiku wonse, kapena kukwera ndege ina ya ola limodzi kupita ku Belo Horizonte. Mukasankha njira yachiwiriyi, dziwani kuti bwalo la ndege la Confins lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 40 kuchokera pakati pa mzinda, choncho muyenera kukwera kaye basi yopita kudepoti, imene iwo amaitcha rodoviária. Kuchokera pamenepo kupita ku São João del-Rei ndi makilomita pafupifupi 190, ndipo basi imatenga maola atatu ndi theka kapena anayi. Tikiti imagulidwa pawindo la kampani ya basiyo, imakhala ndi nambala ya mpando, ndipo pokwera amafuna kuona pasipoti. Chikwama chachikulu chimaikidwa kunsi kwa basi, n'kukupatsani kapepala kokhala ndi nambala, komwe muyenera kukasunga chifukwa popanda kapepalako wonyamula katundu sakupatsani chikwamacho potsika. Mabasiwa amanyamuka pa nthawi yake, sadikira kuti adzaze.

Mukafika ku São João del-Rei, pali mabasi ang'onoang'ono ndi matakisi opita ku Tiradentes, ulendo wa mphindi pafupifupi 30. Konzani ulendo wanu kuti mufike kukadali kowala. Amene akuganiza zobwereka galimoto akumbukire kuti ku Brazil amayendetsa kudzanja lamanja, kuti misewu ya ku Minas Gerais ndi yokhotakhota ndipo imadzaza malole, komanso kuti lamulo la kumeneko silola woyendetsa kukhala ndi mowa m'thupi ngakhale pang'ono.

Ndalama ndi foni

Ndalama ya ku Brazil ndi real, imene inayamba kugwira ntchito mu 1994. Kwacha, metikali kapena ndalama zina za kuno simudzapeza pozisinthira, choncho nyamulani madola a ku America kapena ma euro ndipo muwasinthe mukadali ku São Paulo kapena ku Belo Horizonte. Makadi a Visa ndi Mastercard amalandiridwa pafupifupi paliponse, ngakhale m'timasitolo tating'ono, koma mudziwitse banki yanu musananyamuke kuti isatseke khadi poona likugwira ntchito kunja. Anthu a kumeneko amalipira zinthu zambiri ndi Pix, njira yotumizira ndalama pafoni imene banki yaikulu ya dzikolo inakhazikitsa mu Novembala 2020, koma njirayi imafuna akaunti ya ku Brazil. Pachifukwa ichi khalani ndi ndalama zing'onozing'ono m'thumba zolipirira basi, zolowera m'matchalitchi akale ndi zogulira zinthu kwa amisiri a kumidzi, amene nthawi zina alibe chenji ya ndalama yaikulu.

Nkhani ya foni ndi imene imasokoneza alendo ambiri. Makampani akuluakulu ndi Vivo, Claro ndi TIM, ndipo kulembetsa simukhadi kawirikawiri kumafuna nambala ya CPF, yomwe ndi nambala ya msonkho ya munthu aliyense. Nambala yomweyo imafunsidwanso pogula matikiti ena a basi pa intaneti. Mlendo angathe kupeza CPF kudzera ku ofesi ya kazembe asananyamuke, ndipo n'zothandiza kufunsa za iyo pa nthawi imene mukupempha viza. Ngati zimenezi sizitheka, pitani ndi pasipoti ku sitolo yaikulu ya kampani ya foni mumzinda, osadikira kuti mukachite zimenezi kukatawuni. WhatsApp ndiyo njira imene eni malo ogona, oyendetsa takisi ndi otsogolera alendo amalankhulirana ndi makasitomala awo. Magetsi a ku Minas Gerais ndi a 127 V ndipo soketi zake ndi za timabowo tozungulira, choncho pulagi ya mano atatu amakona siyilowa popanda adaputala.

Kogona

Malo ogona a m'matawuni otere amatchedwa pousada, ndipo ambiri ndi nyumba za banja zimene zinakonzedwa kuti zizilandira alendo, zokhala ndi zipinda zochepa ndi chakudya cha m'mawa chophatikizidwa pamtengo. Sankhani yomwe ili pamtunda woyenda pansi kufika pabwalo la Largo das Forras, lomwe ndi pakati pa katawuniko. Za m'kati mwenimweni mwa dera lakale ndi zokwera mtengo, pomwe za m'mbali mwake, kufupi ndi siteshoni ya sitima kapena m'madera okhala anthu wamba, ndi zotsikirapo ndipo n'kumene mungacheze momasuka ndi eni nyumba.

Pali zinthu ziwiri za m'bafa zimene palibe amene angakuuzeni koma n'zofunika. Choyamba, mapepala a m'chimbudzi saponyedwa m'madzi koma m'kabini kamene kamakhala pambali, chifukwa mapaipi ake ndi ang'ono ndipo amatsekeka msanga. Chachiwiri, m'nyumba zambiri madzi osamba amatenthetsedwa ndi magetsi pamutu penipeni pa shawa, ndipo amatentha kwambiri mukatsegula pang'ono. Musagwire kapena kusintha batani la pamutupo madzi akutuluka.

Kuyenda m'katawuni

Valani nsapato zafulati zolimba. Misewu ya m'dera lakale inayalidwa miyala ikuluikulu yosasalala, ina yoterera mvula ikagwa, ndipo chikwama cha matayala chimavuta kukoka pamenepo. Katawuni konse mungathe kukazungulira m'maola ochepa, koma kuti mumvetse chimene mukuona muyenera kudziwa kuti kanamangidwa ndi chuma cha golide ndi thukuta la akapolo.

Golide anapezeka m'derali kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700, ndipo mu 1718 mudziwo unakwezedwa kukhala tawuni yotchedwa São José. Boma la Portugal linkatenga gawo limodzi mwa magawo asanu a golide yense wokumbidwa. Migodi itayamba kuchepa mphamvu koma msonkho osachepa, gulu la eni chuma, ansembe, alakatuli ndi asilikali linakonza zogalukira ufumu wa Portugal, koma chiwembucho chinaululika mu 1789. Mmodzi yekha ndiye anaphedwa, Joaquim José da Silva Xavier, msilikali wa udindo wotsika amene ankagwiranso ntchito yozula mano, wobadwira pafamu ina m'dera lomweli. Ananyongedwa ku Rio de Janeiro pa 21 Epulo 1792, ndipo tsikuli ndi holide m'dziko lonse mpaka lero. Katawuniko kanapatsidwa dzina limene msilikaliyu ankadziwika nalo, Tiradentes, kutanthauza wozula mano, mu 1889, chaka chimene Brazil inasiya kulamulidwa ndi mfumu. Nyumba ya Bambo Carlos Toledo, wansembe wa parishi amene anali nawo m'chiwembucho, ndi malo osungirako zinthu zakale tsopano, ndipo denga la zipinda zake lili ndi zojambula za nthawi imeneyo. Golide atatha anthu ambiri anasamuka, ndipo umphawi umene unatsatira ndi umene unasunga nyumbazi, popeza panalibe ndalama zogwetsera zakale n'kumanga zatsopano. Boma linaika dera lonseli pansi pa chitetezo mu 1938.

Yambani m'mawa pa Largo das Forras, mukwere pang'onopang'ono kupita ku tchalitchi chachikulu cha Santo Antônio chomwe chili pamwamba pa chitunda. M'kati mwake matabwa osemedwa anakutidwa ndi golide kuyambira pansi mpaka kudenga, muli limba lochokera ku Portugal la m'zaka za m'ma 1780 lomwe limaimbidwabe, ndipo kamangidwe ka kumaso kwake amati kanajambulidwa ndi Aleijadinho, mmisiri wotchuka wa ku Minas Gerais, mwana wa mmisiri wa Chipwitikizi ndi mayi wa ku Africa amene anali kapolo. Kuima pakhomo pa tchalitchichi n'kuyang'ana kutsogolo, mumaona madenga ofiira akutsika ndi chitunda, kumbuyo kwake kuli khoma lalitali la phiri la São José. Potsika mudutse pa kasupe wa São José wa mu 1749, amene anamangidwa kuti mbali ina anthu azitunga madzi akumwa, mbali ina azichapa ndipo mbali ina ziweto zizimwa, ndipo madzi ake amatulukabe.

Malo amene ndikufuna kuti mukhalitsepo ndi tchalitchi cha Nossa Senhora do Rosário dos Pretos, kutanthauza Maria wa Kolona wa anthu akuda, mumsewu wa Direita, moyang'anizana ndi ndende yakale. Ndi chaching'ono ndipo alendo ambiri amachidutsa mofulumira. Chinamangidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700 ndi gulu la akhristu akuda, akapolo ndi omasulidwa, amene ankasonkha ndalama kuti akhale ndi malo awoawo opempherera, oikirana maliro mwaulemu ndi othandizirana pamavuto. M'kati mwake muli zifanizo za oyera mtima akuda, monga Benedito. Anthu a kumeneko amasimba kuti ntchito yomanga inkachitika usiku, akapolowo akaweruka ku migodi. Amene anamanga tchalitchichi ambiri anali ochokera kumadzulo kwa Africa ndi ku Angola ndi Congo, koma kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800 zombo zinayamba kunyamula anthu ochuluka kuchokera ku Quelimane ndi ku chilumba cha Mozambique kupita ku Rio de Janeiro, ndipo mwa iwo munali Amakua, Ayao, Asena ndi anthu a m'madera a Amaravi. Ku Brazil onsewa ankangotchedwa a Moçambique. Mpaka lero, pa zikondwerero za congado zimene zimachitika m'matawuni ambiri a Minas Gerais polemekeza Maria wa Kolona, pamakhala magulu otchedwa Moçambique, amene amavina atamanga maseche kumiyendo ndipo ndi amene amaperekeza mfumu ndi mfumukazi ya chikondwererocho. Ukapolo unathetsedwa ku Brazil pa 13 Meyi 1888, mochedwa kuposa dziko lina lililonse la ku America. Mukamva kuti kuli congado m'dera lapafupi pa nthawi imene muli kumeneko, sinthani dongosolo lanu kuti mukaone, ndipo mukumbukire kuti kwa ovinawo limenelo ndi pemphero, choncho pemphani chilolezo musanawajambule pafupi.

Chakudya

Chakudya chachikulu cha tsiku ndi chamasana, ndipo chimapezeka kuyambira cha m'ma 11:30 mpaka cha m'ma 2 koloko. Mukachedwa mudzapeza miphika itatsukidwa. Njira yotsika mtengo ndi kudya m'malo amene mumadzigawira nokha n'kulipira molingana ndi kulemera kwa mbale, kapena kuitanitsa prato feito, yomwe ndi mbale imodzi ya mpunga, nyemba, nyama ndi ndiwo zamasamba. M'malo ambiri miphika yachitsulo ndi yamwala imakhala ili pamoto wa nkhuni, inu n'kumazungulira mukupakula. M'malo odyera okhala ndi operekera zakudya amawonjezera 10 peresenti pa bilu ngati chothokozera antchito.

Musachoke musanalawe frango com quiabo, nkhuku yophikidwa pamodzi ndi therere lobala, imene imadyedwa ndi angu. Angu ndi ufa wa chimanga chachikasu wophikidwa m'madzi mpaka kulimba, ndipo ku Minas Gerais amauphika wopanda mchere, motero ndi wachibale wa nsima, kungoti ndi wofewerapo ndipo amaudya ndi foloko pambali pa mpunga. Pambali pake pamakhala couve, masamba obiriwira odulidwa mopyapyala kwambiri n'kukazingidwa mwachangu ndi adyo. Palinso feijão tropeiro, nyemba zosakaniza ndi ufa wa chinangwa, mazira ndi nyama ya nkhumba, chakudya chimene ankayenda nacho anthu oyendetsa nyulu zonyamula katundu m'njira za m'mapiri, ndi tutu, nyemba zoponda zothira ufa wa chinangwa. Asilamu, a Seventh Day ndi ena onse amene sadya nkhumba afunse nthawi zonse, chifukwa mafuta ndi nyama ya nkhumba zimalowa mu nyemba, mu couve ngakhale mu mpunga popanda kulembedwa paliponse. Funso lake ndi lakuti "Tem carne de porco?" ndipo muwonjezere "Tem banha?" pofunsa za mafuta.

M'mawa ndi madzulo kumakhala khofi ndi pão de queijo, timabanzi tozungulira ta ufa wa chinangwa ndi tchizi, tokoma tikadali totentha. Tchizi cha ku Minas Gerais chimadyedwanso pamodzi ndi chakudya chotsekemera chopangidwa ndi magwafa kapena ndi mkaka wowiritsidwa ndi shuga. Cachaça, mowa wotchezedwa kuchokera ku madzi a nzimbe, ndi wamphamvu kwambiri ndipo umamwedwa m'tikapu tating'ono. Madzi akumwa, pemphani a m'botolo kapena osefedwa mu mtsuko wadothi umene umapezeka m'nyumba zambiri.

Kukhala ndi anthu

Chingelezi chimamveka pang'ono kwambiri kunja kwa mahotela okwera mtengo. Abale athu a ku Tete ndi ku Niassa amene amalankhula Chipwitikizi adzayenda mosavuta, ngakhale kuti anthu a ku Minas Gerais amadula mathero a mawu ndipo pamafunika masiku angapo kuti khutu lizolowere. Ena onse aphunzire moni ndi mawu aulemu: bom dia m'mawa, boa tarde masana, boa noite usiku, por favor popempha, com licença popempha njira, ndi obrigado kwa mwamuna wothokoza kapena obrigada kwa mkazi wothokoza. Ikaninso pafoni pulogalamu yomasulira imene imagwira ntchito popanda intaneti.

Perekani moni polowa m'sitolo, m'basi kapena podutsa okalamba pabenchi musanafunse chilichonse. Akuluakulu amatchulidwa o senhor ndi a senhora, ndipo mukadziwa dzina mumaika Seu patsogolo pa dzina la bambo ndi Dona patsogolo pa dzina la mayi. Pofika pakhomo la kumudzi mumaima pachipata, kuwomba m'manja n'kuodira kuti "Ô de casa!" kenako kudikira mwini nyumba, ndipo zimenezi zimakutetezaninso kwa agalu. Mukalowa adzakupatsani kakapu ka khofi wothira kale shuga, mwina ndi keke ya chimanga, ndipo kulandira ndi ulemu waukulu ngakhale mutangolawa. Anthu a ku Minas Gerais amadziwika m'dziko lonse kuti safulumira kumasuka kwa mlendo, koma akazolowerana nanu amakuitanani kukhitchini, komwe ndi kumene macheza enieni amachitikira. Adzakufunsani za kwanu, ndipo ambiri sadzadziwa kumene kuli Malawi kapena Zambia, choncho kukhala ndi mapu ndi zithunzi za banja pafoni kumatsegula nkhani. Kunenerera mitengo sikuchitika m'masitolo, koma kwa mmisiri mungapemphe mwaulemu kuti akuchotsereni pang'ono ngati mukugula zingapo.

Katawunika n'kabata ndipo mungayende madzulo m'dera lakale mosaopa, koma chenjerani ndi foni ndi chikwama m'madepoti a mizinda ikuluikulu. Pakagwa vuto, nambala ya apolisi ndi 190, ya ambulansi ndi 192 ndipo ya ozimitsa moto ndi 193. Zipatala za boma zimathandiza aliyense kwaulere, mlendo yemwe, koma chipatala chachikulu chili ku São João del-Rei, ndipo inshuwalansi ya paulendo ndi yofunikabe. Tsankho la mtundu ndi mlandu waukulu m'malamulo a Brazil, ndipo wochitiridwa zotere ali ndi ufulu wokadandaula kupolisi.

Kutuluka kunja kwa katawuni

Patulani tsiku lathunthu la ku Bichinho, mudzi umene dzina lake lolembedwa ndi Vitoriano Veloso, womwe uli m'boma la Prados, makilomita osafika 10 kuchokera ku Tiradentes. Msewu wake umadutsa m'mafamu a ng'ombe phiri lili chakumanzere, ndipo m'mudzimo nyumba zambiri ndi za zidina zosawotcha, zokhala ndi malo ogwirira ntchito kuseri. Amisiri amasema matabwa, amasula zitsulo, amaluka ndi kusoka, ndipo ambiri amalola mlendo kuima n'kuonerera ngati wapereka moni ndi kupempha. Kugula kwa mmisiri mwini kumathandiza banjalo mwachindunji. Gwirizanani ndi woyendetsa takisi za nthawi yodzakutengani musanatsike, popeza mabasi a kumeneko ndi ochepa.

Phiri la São José lili ndi njira zoyenda pansi, zina zodutsa pamsewu wakale wa miyala umene anayala akapolo, ndipo ndi malo otetezedwa odziwika ndi mitundu yambiri ya atombolombo. Musakwere nokha. Pezani wotsogolera kudzera kwa mwini pousada, nyamukani m'mawa, nyamulani madzi ndi chipewa, ndipo m'nyengo ya mvula mutsike masana asanapendeke chifukwa pamwamba pake palibe pobisalira mphezi.

Sitima yoyendera nthunzi, imene anthu amaitcha Maria Fumaça, imayenda makilomita 12 pakati pa Tiradentes ndi São João del-Rei m'mbali mwa mtsinje wa Rio das Mortes. Njanjiyi inatsegulidwa mu 1881 ndi mfumu Pedro II, ndipo ndi yopapatiza kwambiri, masentimita 76 okha. Kawirikawiri imayenda kumapeto kwa sabata ndi pamaholide, choncho funsani ndandanda yake ndipo mugule tikiti msanga. Ku Tiradentes fikani pasiteshoni nthawi isanakwane kuti muone antchito akutembenuza injini ndi manja pa chitsulo chozungulira. Ku São João del-Rei kaoneni tchalitchi cha São Francisco de Assis, komwe kumanda a kuseri kwake kunaikidwa Tancredo Neves, amene anasankhidwa kukhala pulezidenti mu 1985 koma anamwalira asanalumbiritsidwe, ndipo mvetserani mabelu, chifukwa mumzindawu oimba mabelu ali ndi kaimbidwe kosiyanasiyana kolengezera Misa, maliro ndi zikondwerero.

Pobwerera

Gulani tikiti ya basi yobwerera kukadali masiku awiri, makamaka ngati mukunyamuka Lamlungu madzulo pamene alendo onse akubwerera kumizinda. Musadalire kuchoka ku Tiradentes tsiku lomwelo limene ndege yanu ikunyamuka ku São Paulo, chifukwa ngozi imodzi pamsewu wa m'mapiri ingathe kuchedwetsa basi maola angapo. Ndi bwino kukagona ku Belo Horizonte kapena ku São Paulo usiku womaliza. Ndalama za real zimene zatsala muzisinthe musanatuluke m'dzikolo. Tchizi ndi nyama zouma musanyamule, popeza mayiko ambiri salola zakudya zochokera ku ziweto kulowa popanda chilolezo, koma khofi wokazinga wa m'paketi ndi zosemasema zing'onozing'ono zimayenda bwino m'chikwama. Kakhadi kachikasu ka katemera kakhale m'thumba la m'manja, chifukwa ku Johannesburg ndi pofika kunyumba angakafunse kwa aliyense wochokera ku Brazil.